Akhisar: Kumene Azitona Adalowa M'malo mwa Fodya

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za kuno kwathu, tikaone dera lina la m'dziko la Turkey lotchedwa Akhisar. Dzinali ndi lachilendo, koma inu amene mumawerenga Baibulo malowa mukuwadziwa kale. Mpamene padali mzinda wa Tiyatira, kwawo kwa mayi Lidiya wogulitsa nsalu uja, ndipo mabwinja ake alipobe pakati pa tauni. Ine chandikopa kumeneko ndi nkhani ya fodya, chifukwa anthu a ku Akhisar adadutsa kale m'njira imene ife tikuiopa.

Akhisar ili m'chigawo cha Manisa, kuzambwe kwa dzikolo, pa msewu ndi njanji zochokera ku doko la İzmir. Kuli anthu oposa 170,000. Nyengo yake ndi yosemphana ndi yathu: mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo nthawi yotentha kumakhala gwa, kouma.

Kwa zaka zambiri derali linkadziwika ndi fodya wa oriental, amene alimi ena a ku Mzimba adamulimako. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, ena osaposa chikhato cha munthu, koma fungo lake ndi lamphamvu, choncho makampani amamusakaniza ndi bale ndi fodya wa flue popanga ndudu. Sachita kulowa m'chigafa ngati bale wathu. Banja lonse limadzuka usiku kukathyola kusanatenthe, masana nkukhala pansi kumatunga tsamba limodzilimodzi pa chingwe ndi singano yaitali, kenaka nkuyanika padzuwa. Ndi ntchito yowawa msana, koma mlimi ankaipirira chifukwa msika udali wodalirika. Bungwe la boma lotchedwa Tekel linkalengeza mtengo ndipo linkagula fodya amene amalonda ena amusiya, monga momwe ADMARC inkachitira ndi mbewu za alimi ang'onoang'ono masiku akale.

Zinthu zidatembenuka chuma cha Turkey chitagwa mu 2001. Malinga ndi mfundo za ngongole za IMF, boma lidakhazikitsa lamulo latsopano la fodya mu 2002, ndipo lidasiya kugula fodya pofuna kuthandiza mlimi. Kuyambira pamenepo wolima fodya adayenera kukhala pa mgwirizano ndi kampani yogula. Mu 2008 mafakitale a ndudu a Tekel adagulitsidwa ku kampani ya British American Tobacco pa mtengo wa madola 1.72 biliyoni. M'dziko lonselo alimi a fodya adali oposa 400,000 mu 2002, koma pofika 2010 adali asakukwana ndi 100,000 omwe. Inu amene mwakhala mukulima pa kontirakiti chiyambire 2012 mukudziwa mmene zimakhalira: kampani ikakusiya pa mndandanda, fodya wako alibe kolowera.

Nanga minda ija idatani? Ambiri adadzalamo azitona. Mitengoyi idalipo kale ku Akhisar, makamaka m'mapiri, koma fodya atagwa idatsikira m'minda ya m'chigwa, mwakuti lero deralo lili ndi mitengo yoposa 10 miliyoni. Amalima mitundu ingapo, monga Domat, wa zipatso zikuluzikulu amene amathyoledwa ali wobiriwira, ndi Uslu amene amadyedwa atada. Gawo lalikulu la azitona obiriwira amene amadyedwa m'dziko la Turkey limachokera kumeneku.

Apa ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa mtengo wa azitona si fodya ayi. Fodya ukafesa nazale, chaka chisanathe wagwira ndalama. Mtengo wa azitona umayamba kubereka patatha zaka zinayi kapena zisanu, ndipo kuti ubereke mokwanira pamafunika zaka khumi kapena kuposerapo. Ulinso ndi khalidwe lake: chaka china umabereka kwambiri, chaka chotsatira nkupumula. Ubwino wake ngwakuti ukakhazikika umapirira chilala, umamera ndi pa nthaka ya miyala pomwe, ndipo umakhala zaka mazanamazana. Amene adadzala mu 2003, zidzukulu zake zidzakololabe.

Chinanso nchakuti chipatso cha azitona sungachithyole nkuponya m'kamwa ngati bwemba kapena masuku. Chimawawa zedi. Chiyenera kuviikidwa m'madzi a mchere kwa masabata kapena miyezi, kapena kukafinyidwa mafuta, ndipo ofinya mafuta amafuna chipatso chifike pa makina msanga chisanayambe kusasa. Pamafunika makilogalamu asanu kapena kuposa kuti patuluke lita imodzi ya mafuta. Choncho mbewu imeneyi popanda fakitale pafupi ndi katundu wongowola. Ku Akhisar mafakitale adakula pamodzi ndi minda: ena oviika ndi kulongedza azitona m'mabotolo ndi m'zitini, ena oyenga mafuta, ambiri mwa iwo a mabanja a konko. Mwa maganizo anga, apa mpamene pagona mphamvu ya derali. Mlimi amakolola m'mawa, madzulo katundu ali pa sikelo, ndipo mwana wake amene safuna khasu amapeza ntchito pa fakitale yomweyo osachoka kwawo.

Si azitona okha. Kuli kampani yaikulu ya nkhuku ndi mazira ya Keskinoğlu imene idayamba mu 1963, ngakhale kuti mu 2018 idalowa m'mavuto a ngongole. Kulinso malo amene adapatulidwa kuti akhale a mafakitale okhaokha, kumene amapanga zinthu monga matailosi a m'nyumba. Okonda mpira mwina mukukumbuka kuti chaka chomwecho cha 2018 timu ya Akhisarspor idatenga chikho cha dziko lonse itagonjetsa Fenerbahçe, timu yaikulu ya ku Istanbul.

Koma ndikanena zokoma zokhazokha ndiye kuti ndakunamizani. Kudikira zaka zisanu kumafuna munthu wokhala ndi munda wakewake ndi kena kake kodya podikirapo. Ambiri olima fodya adali ndi timinda tating'ono, ena ankachita kubwereka. Oterewa sakadatha kudzala mitengo. Ena adathawira m'mizinda ya Manisa ndi İzmir, ena adakalowa m'migodi ya malasha ya ku Soma, dera loyandikana ndi Akhisar. Pa 13 May 2014 moto udabuka mu umodzi mwa migodiyo nkupha anthu 301, ngozi yoopsa kuposa zonse za m'migodi m'mbiri ya dzikolo. Ambiri mwa omwalirawo adali ochokera m'midzi ya m'dera lonselo imene kale inkadya za fodya.

Tsono wina asathamangire kukafuna mbande za azitona. Mtengowu umafuna kuzizira kokwanira kuti uchite maluwa ndiponso chilimwe chouma pamene zipatso zikukula, zimene madera ambiri kuno alibe. Mitengo yofanana nayo pa kudikira tili nayo kale: makademiya a ku Thyolo ndi ku Ntchisi, khofi wa ku Misuku, mango a ku Salima. Mlimi wa bale ku Kasungu kapena ku Dowa akauzidwa kuti asinthe mbewu, ayenera kufunsa mlangizi mafunso amene nkhani ya ku Akhisar ikutipatsa. Kodi mtengowu udzayamba liti kubereka? Nanga pakati pa mizere ndidzalamo chiyani choti ana adye zaka zimenezo, mtedza, soya kapena nyemba? Ndipo makina osenda kapena ofinya ali pa mtunda wa makilomita angati kuchokera pa munda panga?