GALU WONJENJEMERA NDI KUPUMA WEFUWEFU: KODI NDI CHIWEWE?

Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe. Chimodzimodzinso galu sanjenjemera kapena kupuma wefuwefu popanda chifukwa. Anthu a ku Malomo ndi midzi ina ya m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, kumene galu ndiye mlonda wa khola ndi nkhokwe, ayenera kusiyanitsa zifukwa zosaopsa ndi zoopsa.

Zifukwa Zosaopsa

Galu satuluka thukuta m'thupi monse monga munthu. Akamva kutentha, makamaka m'mwezi wa Okutobala kapena pochokera kosaka, amatulutsa lilime ndi kupuma mofulumira kuti thupi lizizire. Akapumula pamthunzi ndi kumwa madzi, wefuwefu amatha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumapiri kumazizira kwambiri, ndipo tiana ta galu timanjenjemera. Mantha a bingu amachititsanso zomwezo.

Zifukwa Zoopsa

1. Poizoni. Galu amene wadya mankhwala a makoswe, a mbozi kapena masamba a fodya amanjenjemera mwadzidzidzi, kutuluka dovu ndi kusanza. Pakhomo pamene galu wawapeza mankhwalawo, mwana wokwawa akhozanso kuwapeza.

2. Matenda a nkhupakupa. Galu amatentha thupi, kufooka, ndipo usinini wake umayera.

3. Chiwewe. Galu wofatsa amayamba ukali, kuluma mitengo ndi miyala, ndi kuuwa ndi mawu achilendo. Wina sachita ukali konse: chibwano chimalendewera, dovu lili chuchuchu, ngati watsamwa ndi fupa. Munthu asapise dzanja m'kamwa mwa galu wotere, pakuti kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu.

Munthu Akalumidwa

Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Kawirikawiri matendawa amabisala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale. Zizindikiro zikaoneka, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibe mankhwala ochiza. Choncho wolumidwa kapena wokandidwa ayenera kuchita izi:

1. Atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathirapo mchere, tsabola kapena zitsamba.

2. Apite tsiku lomwelo kuchipatala chaching'ono cha Malomo kapena chachikulu cha boma la Ntchisi, ngakhale bala litachepa.

3. Amalize jekeseni zonse pa masiku amene achipatala anena.

4. Adziwitse mlangizi wa ziweto ndi mfumu. Ngati kuli kotheka popanda ngozi, galuyo atsekeredwe masiku 10, chifukwa wachiwewe amafa masikuwo asanathe. Koma wolumidwa asadikire masikuwo asanayambe jekeseni.

Kupewa

Katemera wa chiwewe si wachilendo: Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa naye mnyamata wolumidwa m'chaka cha 1885. Agalu 7 mwa 10 aliwonse m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, matendawa amaleka kufala. Tsiku la 28 Seputembala ndi lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, koma mwini galu asadikire tsikulo: afunse mlangizi wa ziweto kumene katemera akuperekedwa. Makolo aphunzitse ana kusasewera ndi galu wachilendo, ndiponso kuulula msanga akalumidwa, pakuti mwana woopa chikwapu amabisa bala.