Wansembe Amene Anaphunzitsa Amisiri Kusadziderera

Pali umphawi wina umene suchokera m'thumba koma mumtima, pamene munthu adziikira yekha malire nanena kuti: "Zotere si za anthu ngati ife." Nkhani ya ku Mondragón, mzinda waung'ono wa m'mapiri a Abasiki m'dziko la Spain, iphunzitsa bwino za matenda amenewa ndi mankhwala ake.

M'chaka cha 1941 kunafika kumeneko wansembe wachinyamata, Bambo José María Arizmendiarrieta. Anali wa diso limodzi, ndipo ulaliki wake sunali wokoma m'makutu. Anapeza anthu osauka, otopa ndi nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1939. Ambiri ankagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo ya Unión Cerrajera, ndipo zinkadziwika kuti mwana wa mmisiri adzafa ali mmisiri. Mu 1943 Bamboyo anatsegula sukulu ya zaumisiri ndi ndalama zimene makolo anasonkha. Anyamata atamaliza, iye sanakhutire: anakonza zoti ena aphunzire uinjiniya pansi pa yunivesite ya Zaragoza, usana kuntchito, madzulo pa mabuku.

Asanu mwa iwo, Usatorre, Larrañaga, Gorroñogoitia, Ormaetxea ndi Ortubay, anasiya ntchito yawo ya malipiro okhazikika, nagula kafakitale ka mbaula za palafini ku Vitoria. Mu 1956 anasamukira nako ku Mondragón. Dzina lake, Ulgor, analipanga ndi zilembo za maina awo. Pambuyo pake inasanduka kopaletivu, momwe wantchito aliyense ali mwini, ndipo pamsonkhano ali ndi voti imodzi.

Koma mpanda weniweni unali usanagwe. Bambo Arizmendiarrieta anaona kuti mabanki sadzakongoza ndalama zokwanira kwa antchito wamba, choncho anawauza kuti ayambitse banki yawoyawo. Anyamatawo anakana kwamtuwagalu. Mmodzi wa iwo anasimba pambuyo pake kuti anamuyankha kuti dzulo lomweli anali amisiri, lero akuphunzira movutikira kuyendetsa fakitale, nanga mawa angakhale bwanji eni banki? Lamulo silinawaletse, adani sanawatsekereze. Chinawamanga ndi mantha awo okha.

Bamboyo sanakangane nawo. Anawerenga yekha malamulo a boma, nalemba zikalata zonse, ndipo olemba mbiri anena kuti anasayinira maina a awiri mwa iwo eni ake osadziwa. Ichi akatekisiti asachiphunzitse ngati chitsanzo, pakuti cholinga chabwino sichiyeretsa njira yokhota. Choyenera kuyang'ana ndi china: iye sanatenge mpando uliwonse wolamulira, ngakhale kulemera nazo. Banki ya Caja Laboral itabadwa mu 1959, anaisiya m'manja mwa omwe aja ankati sangathe. Gorroñogoitia anakhala wapampando wake zaka zambiri, ndipo Ormaetxea anadzaiyendetsa. Ndalama zimene mabanja ankasunga m'menemo ndizo zinabala makopaletivu ena ambiri.

Si zonse zinayenda bwino. Fagor, kampani ya zipangizo za m'nyumba imene inachokera mu Ulgor, inagwa ndi ngongole mu 2013, ngakhale kuti makopaletivu anzake analandira ambiri mwa eni ake amene anataya ntchito. Bambo Arizmendiarrieta sanazione zimenezi: anamwalira mu 1976, ndipo mu 2015 Papa Fransisko anavomereza kuti anakhala moyo wa makhalidwe oyera opambana.