Denga ndi lathu, nanga chithunzi n'chandani?

Anzanga, teremu yatha ndinatsala pang'ono kuyika kalabu yathu ya zachilengedwe m'mavuto osadziwa. Ndati ndikuuzeni zomwe ndinaphunzirapo, poti safunsa anadya phula.

Tsiku lina pa buleki aphunzitsi athu a jogalafe anatsegula Google Maps pafoni yawo n'kutionetsa sukulu yathu ino kuchokera kumwamba. Aaa, zinali zodabwitsa! Tinaona malata a makalasi onse, bwalo la mpira, mjigo, ngakhale mtengo wa mango uja wakuseri kwa ofesi. Ine ndinatsata kanjira kamene ndimayenda m'mawa uliwonse mpaka ndinapeza denga la kwathu ndi khola la mbuzi.

Pomwepo nzeru inandibwerera. Kalabu inkasowa ndalama zogulira machubu a mbande, ndiye ndinati tisindikize chithunzicho pa makalendala tizigulitsa kwa makolo. Anzanga anavomera. Msuweni wanga anandibwereka foni, ndinasunga chithunzicho, kenaka ndinadula timawu ting'onoting'ono tam'munsi chifukwa ndinkaona ngati tikuipitsa.

Nditakaonetsa aphunzitsi, funso lawo loyamba linali lakuti, "Mawu am'munsi aja apita kuti?"

"Ndadula, Sala. Sukulu si yathu yomwe?"

"Sukulu ndi yanu, eya. Koma kamera inali yako?"

Ndinangoti kakasi. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera, ndipo mfundo zake ndi izi.

1. Chithunzi chili ndi mwini wake

Zithunzi zakumwambazi zimajambulidwa ndi masetilaiti, ndege kapena madironi. Zambiri Google sijambula yokha, imachita kugula chilolezo kwa makampani ena monga Airbus ndi Maxar Technologies. Timawu ndinadula tija ndi mayina a eni akewo, ndipo pamakhala chizindikiro ichi: ©. Lamulo limateteza amene wajambula, osati mwini denga lojambulidwalo. Kuno kwathu tili ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limaonetsetsa za ufulu umenewu. Ambirife timaganiza kuti nkhaniyi ndi ya oyimba okhaokha, chonsecho mabuku, zithunzi ndi mapu zili momwemo.

2. Kuona mwaulere si kupatsidwa

Apa ndi pamene ine ndinasokonekera. Ndinkati poti sindinalipire kanthu kupatula bandulo, basi chithunzi n'changa. Koma taganizani za khasu lobwereka. Mnansi akakubwereka khasu umalimira ndithu, koma sungapite nalo kumsika kukagulitsa, ndipo sungafufute chizindikiro chimene anadinda pampini. Ine ndinachita zonse ziwiri: ndinafufuta dzina, n'kufunanso kugulitsa.

3. Zololedwa ndi zoletsedwa

Google inalemba malamulo ake ogwiritsira ntchito zithunzizi. Imalola kuti uziike mu ntchito ya m'kalasi, mu lipoti kapena pakhoma ngati pano, bola mayina a eni ake aziwoneka bwinobwino pafupi ndi chithunzicho. Siilola kuzisindikiza pa katundu wogulitsa monga malaya ndi makapu, ndiye makalendala athu aja anathera pomwepo. Siilolanso chinthu china chimene ambiri sitingachiganizire: kutsata misewu ndi nyumba pamwamba pa chithunzi chawo kuti upange mapu ako atsopano ogawira anthu. Ngakhale walemba ndi pensulo yako, zimene wakoperazo zachokera kwa iwo.

4. Zilipo zina zomasuka

Musataye mtima, si zonse zili ndi loko. OpenStreetMap ndi mapu amene anayambitsidwa ndi Steve Coast ku Britain mu 2004, ndipo amalembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Amenewa ungathe kukopera, kusindikiza ngakhale kugulitsa, bola ulembepo kuti © OpenStreetMap contributors. Anthu olemba mapuwa saloledwa kukopera ku Google. Amatsata zithunzi zimene eni ake anavomereza, monga za Bing zomwe kampani ya Microsoft inaloleza mu 2010.

Palinso zithunzi za masetilaiti a maboma. Landsat wa ku America anayamba mu 1972 ndipo zithunzi zake zinakhala zaulere kuyambira 2008. Sentinel-2 wa ku Ulaya anayamba mu 2015, nayenso ngwaulere. Vuto lake n'lakuti siziwonetsa zinthu zing'onozing'ono. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha Landsat kamaimira malo a mamita 30 mbali zonse, pa Sentinel-2 mamita 10. Khola la mbuzi simungalione, koma nkhalango imene ikutha kapena dambo limene lasefukira zimaoneka bwino.

Nanga ife tinatani? Makalendala a chithunzi chija tinawasiya. Kunena zoona zinandiwawa, chifukwa ndinali nditauza kale amayi kuti denga lawo lituluka pa kalendala. M'malo mwake tinatenga tepi yoyezera ndi kampasi, tinazungulira sukulu yonse masana atatu tikaweruka, n'kujambula mapu athuathu osayang'ana pafoni. Bwalo la mpira linapindika pang'ono, eti, koma palibe amene angatifunse chilolezo. Tsopano eni ake ndife, ndipo wofuna kukopera ayambe watipempha.

Ndiye mukadzagwira foni n'kupeza mudzi wanu kuchokera kumwamba, sangalalani, onetsani agogo. Koma musanasunge chithunzicho, tsitsani maso m'munsi muwerenge timawu tija, ndipo mudzifunse: mwini wake ndani, walola chiyani, ine ndikufuna kuchita nacho chiyani?

Yesani kuyankha, mayankho mukaponye m'bokosi la kalabu Lachisanu lisanafike:

a) Tchulani zinthu ziwiri zimene simuloledwa kuchita ndi chithunzi cha pa Google Maps.

b) N'chifukwa chiyani chithunzi cha Landsat sichingaonetse mjigo wathu?

c) Mnzanu wajambula nyumba yanu ndi foni yake. Chithunzicho n'chandani? Fotokozani.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2, kalabu ya zachilengedwe