Kufera Mnzako: Kuli Koyenera Liti?

Tiwerenge nkhaniyi pamodzi mofatsa, kenako tikambirane mafunso ali kumapeto.

Kumapeto kwa Julayi 1941, mkaidi wina anathawa kundende ya Auschwitz, imene boma la Nazi la ku Germany linakhazikitsa m'dziko la Poland. Pofuna kuopseza otsala, wachiwiri kwa mkulu wa ndendeyo, Karl Fritzsch, anasankha amuna 10 kuti akafe ndi njala m'chipinda chapansi. Mmodzi mwa iwo, msilikali wa ku Poland dzina lawo a Franciszek Gajowniczek, analira mokweza potchula mkazi wawo ndi ana awo. Pamenepo wansembe wa Katolika, Bambo Maximilian Kolbe, mkaidi nambala 16670, anatuluka pamzere n'kupempha kuti afe m'malo mwa bamboyo. Anawalola. Patatha pafupifupi milungu iwiri osadya osamwa, Bambo Kolbe anali adakali moyo, ndipo pa 14 Ogasiti anawapha powabaya jekeseni wapoizoni.

N'chifukwa chiyani timalemekeza imfa imeneyi, pamene kudzipha timakuona ngati tsoka? Kusiyana kwake kuli pa cholinga. Bambo Kolbe sankafuna imfa. Ankafuna moyo wa mnzawo, ndipo imfa inali mtengo umene ankhanza anaika pa moyowo. Wodzipereka amaudziwa mtengo wa moyo wake, n'chifukwa chake kuupereka kumakhala mphatso.

Mphatso, tsono, siikakamizidwa. Akaidi ena onse amene anaima pamzerepo osalankhula sanalakwe. Tingathe kuyamikira munthu wofera mnzake, koma sitingalamule wina kuti atero, kapena kunyoza amene anachita mantha.

Palinso funso la anthu amene amadalira ife. Bambo Kolbe analibe mkazi kapena ana, pamene a Gajowniczek anali ndi banja lowadikirira. Izi sizitanthauza kuti moyo wa wansembe unali wotsika mtengo. Zikungosonyeza kuti chikondi chenicheni chimayang'ananso amene adzatsale. Mayi woyamwitsa amene sadziwa kusambira, akadziponya mumtsinje wosefukira kuti apulumutse womira, akhoza kungowonjezera maliro. Kuitana anthu, kuponya chingwe kapena nsungwi, nakonso n'kupulumutsa. Kulimba mtima kuyende limodzi ndi nzeru.

Mbali yowawa ya nkhaniyi ndi iyi: a Gajowniczek atatuluka m'ndende anapeza mkazi wawo ali moyo, koma ana awo aamuna awiri anali atafa ndi mabomba mu 1945. Ana amene anawalirira pamzere paja sanawaonenso. Kodi nsembe ija inapita pachabe? Ayi. Wodzipereka salonjezedwa zotsatira zake. Amachita chabwino chimene akuchiona patsiku limenelo, zamawa sazigwira m'manja. Komanso bamboyo anakhalabe ndi moyo zaka zoposa 53, akuuza anthu za amene anawafera. Analipo ku Rome pa 10 Okutobala 1982 pamene Papa John Paul II analengeza kuti Bambo Kolbe ndi woyera. Anamwalira mu 1995 ali ndi zaka 93.

Ambirife sitidzaima pamzere wotere. Koma mtima umene umati "nditengeni ine" sumera tsiku limodzi. Umakula mwa munthu amene anazolowera kale kusiya zake: kupereka magazi kuchipatala, kudwazika matenda usiku wonse, kugawana kachakudya kochepa m'chaka cha njala.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa kudzipereka ndi kutaya moyo mosasamala.
2. Kodi munthu amene ali ndi ana aang'ono angaike moyo wake pachiswe chifukwa cha mlendo? Aganizire zotani?
3. Munthu amene wapulumutsidwa ali ndi ngongole yanji, ndipo angaibweze kwa yani?
4. Tchulani chinthu chimodzi chimene mungasiye sabata ino kuti mnansi wanu apepukidwe.