Johan van Veen, Mlonda wa Malinga a Nyanja

Ku Ulaya kuli dziko laling'ono dzina lace Netherlands, koma ambiri alicha Holland. Dzikoli ndi lacidikha, ndipo gawo limodzi la magawo anai liri pansi kuposa madzi a nyanja yamcere. Anthu akhoza kukhalamo cifukwa makolo ao anaunda malinga a dothi m'mbali mwa nyanja ndi mwa mitsinje. Malingawo afanana ndi mitumbira ya mbatata, koma ena ngakuru kotero kuti pamwamba pace papita mseu. Linga likalimba, anthu alima tirigu naweta ng'ombe mosaopa kanthu. Likagumuka, nyanja ilowa m'nyumba zao.

Nyanja yamcere siikhala cete monga thamanda. Madzi ace akwera natsikanso kawiri pa tsiku, cifukwa mwezi uwakoka. Mwezi ukaoneka watsopano, ndiponso ukakhala wathunthu, madzi akwera koposa masiku ena. Ndipo mphepo yamkuntho ikaomba masiku omwewo, niunjika madzi kumtunda, pamenepo malinga ayesedwa kolimba.

Cifukwa ca ici Boma la dziko lija liri ndi amisiri ace oyang'anira madzi, malinga ndi miseu. Gulu lao alicha Rijkswaterstaat, ndipo mmisiri wophunzira wotere achedwa injiniya. Mmodzi wa iwo anali Johan van Veen.

Iye anabadwa caka ca 1893 m'mudzi wa Uithuizermeeden, kumpoto kwa dzikolo, pafupi ndi nyanja. Atate wace anali mlimi. Atakula anapita ku sukulu yaikuru ya amisiri ku Delft, natsiriza maphunziro ace caka ca 1919. Anayamba kugwira nchito ya mitsinje m'dera la Drenthe, pambuyo pace anakhala zaka zowerengeka ku Suriname, dziko lotentha la ku South America. Caka ca 1929 analowa nchito ya Boma ku Rijkswaterstaat.

Nchito imene anampatsa sinali ya khasu kapena ya njerwa, koma ya kufufuza. Anayenda masiku ambiri m'combo cochedwa Oceaan, nayesa kuya kwa madzi, ndi liwiro lace, ndi mcenga umene madzi anyamula. Zonse anazilemba m'mabuku mosadumpha kanthu. Anapezanso njira ya kuwerengera kukwera kwa madzi m'mitsinje pakufanizira ndi mayendedwe a magetsi m'mawaya. Kwa munthu wongoona, nchito yotere iri ngati kutaya nthawi. Koma mlonda wosadziwa mayendedwe a fisi sateteza khola.

Pakuwerenga ziwerengero zace, Van Veen anapeza cinthu coopsa. Anthu akale poumba linga ankafunsa kuti, Madzi anafika pati pa cigumula cacikuru cimene tikumbukira? Ndipo anakweza linga pang'ono kuposa pamenepo, nati kwatha. Koma mmisiri mnzace, dzina lace Wemelsfelder, anasonyeza caka ca 1939 kuti cigumula coposa zonse za kale cikhoza kufika caka ciri conse, cingakhale sicinaoneke ndi munthu wamoyo. Van Veen anaona kuti malinga ambiri a kumwera ca kumadzulo ali afupi, ndipo ena ali ofoka. Caka comweco Boma linaika bungwe la kusanthula mlanduwu, ndipo iye anakhala mlembi wace.

Sanangocenjeza cabe, koma anapezanso mankhwala. Kudera lija nyanja ilowa m'dziko ndi mathiriro akuru, monga zala za dzanja, ndipo pakati pa zalazo pali zisumbu zokhala anthu. Cisumbu ciri conse cinali ndi linga lace, ndipo malinga onse pamodzi anatalika kwambiri. Van Veen anati nkwabwino kutseka mathirirowo kukamwa kwace, kumene akomana ndi nyanja. Munthu wa minda isanu yoyandikana akachinga munda uli wonse pa wokha, atha mitengo yambiri, ndipo nguluwe sizilephera kupeza pobooka. Akazinga yonse ndi mpanda umodzi waufupi, auyang'anira bwino. Kutsekako kukadathandizanso alimi, pakuti madzi amcere akadaleka kulowa m'mitsinje ndi kuononga minda.

Koma caka ca 1940 nkhondo yaikuru inalowa m'dziko, ndipo inatha caka ca 1945. Midzi yambiri inapasuka, ndipo ndarama za Boma zinapita kukumanga nyumba, milatho ndi madooko. Mathiriro awiri ang'ono anatsekedwa, koma malinga ambiri anakhala monga kale. Van Veen sanaleka kucenjeza, ndipo akuru ena anatopa naye, pakuti anali munthu wosadziwa kukometsa mau. M'zolemba zina anadzicha Dr. Cassandra. M'nthano za Agriki Cassandra anali mkazi wonena zoona za m'tsogolo, koma panalibe womkhulupirira.

Pa 29 January 1953 anapereka kwa akuru ace kalata ina yolongosola za kutseka mathiriro. Patapita masiku awiri, Loweruka pa 31 January, namondwe wocokera kumpoto ca kumadzulo anaomba pa North Sea. Mwezi unali utangokhala wathunthu. Madzulo madzi anayenera kutsika, koma m'malo ambiri sanatsika ai, ndipo akuwaona anadabwa. Mau a cenjezo anatumizidwa, koma ambiri sanawamva, pakuti wailesi inali kutseka usiku, ndipo anthu anali m'tulo.

Usiku womwewo, kusanace, madzi anasefukira pamwamba pa malinga, nakumba dothi la kumbuyo kwace, ndipo malinga anagumuka m'malo ambiri. Mabelu a machalichi analira, koma mphepo inameza kulira kwace. Anthu anathawira pa matsindwi ndi m'mitengo, m'kuzizira koopsa. Tsiku la Sabata masana madzi anakweranso, nagwetsa nyumba zambiri zimene zinapirira usiku. Anafa anthu 1,836, pamodzi ndi ng'ombe, akavalo ndi nkhumba zikwi zambiri. Minda inamwa mcere, niikana kubala bwino zaka zingapo.

Tsoka likadakula koposa. Pafupi ndi mudzi wa Nieuwerkerk, linga la mtsinje wa Hollandse IJssel linabooka, ndipo kuseri kwace kunali cidikha cakuya ca anthu ocuruka ndithu. Mkuru wa mudziwo analamula mwini combo, dzina lace Arie Evegroen, kuti atseke pobookapo ndi combo cace. Iye anacita comweco, ndipo anthu anaunjika matumba a mcenga kumbuyo kwace. Linga linalimba. Limeneli linali limodzi la malinga amene Van Veen anawaopera zaka zambiri.

Akuru anati, Mau a akuru akoma akagonera. Mwezi wa February womwewo Boma linaika bungwe latsopano la amisiri, ndipo linasankha Van Veen akhalenso mlembi. Iye sanataya nthawi ndi kutonza amene anamkana. Anaturutsa mabuku ace a ziwerengero za zaka makumi awiri, ndipo cifukwa zinali zokonzeka kale, nchito inayamba msanga. Caka ca 1958 lamulo la nchitoyo linakhazikika, ndipo caka comweco anatsiriza citseko cacikuru cacitsulo pa mtsinje wa Hollandse IJssel, cotsitsidwa pofika namondwe.

Van Veen anaona ciyambi cokha. Anamwalira pa 9 December 1959, ali m'sitima ya pamtunda. Amisiri ena anapitiriza. Anatseka mathiriro limodzi limodzi, koma anasiya njira ziwiri za zombo zopita ku Rotterdam ndi ku Antwerp. Pa thiriro lalikuru la Oosterschelde asodzi ndi anthu ena anadandaula kuti likatsekedwa konse, nsomba ndi nkhono za m'madzi amcere zidzafa. Boma linamva, ndipo amisiri anamanga linga la zitseko 62, zokhala cotsegula masiku onse, zongotsekedwa madzi akaopsa. Linatha caka ca 1986. Citseko ca pa njira ya ku Rotterdam cinatha caka ca 1997. Nchito yonseyi ichedwa Delta Works, ndipo inafupikitsa malinga oyang'anana ndi nyanja ndi makilomita ngati 700.

Kufikira lero amisiri a Boma alikuyesabe madzi ndi kusanthula malinga, pakuti madzi a nyanja alikukwera pang'ono pang'ono, ndipo dothi la cidikha lirikutsika. Ana ambiri a ku Holland agona tulo usiku wa namondwe osadziwa dzina la mwana wa mlimi uja, amene anakhala m'combo kuyesa mcenga, nalemba coonadi cingakhale sicinakondweretsa akuru ace.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji anthu a ku Holland aunda malinga?
2. Madzi a nyanja yamcere akwera koposa masiku ati?
3. Anthu akale analakwa bwanji poyesa msinkhu wa malinga?
4. Longosolani fanizo la minda isanu ndi mpanda umodzi.
5. Cinacitika nciani usiku wa pa 31 January 1953?
6. Chulani zinthu zitatu za pamudzi panu zofunika kuzikonza mvula isanagwe, ndipo nenani amene aziyang'anira.