Chingwe cha Pakhosi pa Tebulo la Dungeons & Dragons

Tsiku lina wosewera wina adzakuyang'anani, inu mutakhala kuseri kwa katoni kobisira madayisi, n'kunena kuti: "Mlondayo ndimuzembere kumbuyo, ndimukanyange pakhosi ndi chingwe." Musayankhe msanga. Ine ndinayankha msanga, ndipo yankho langalo linagwetsa nkhani imene tinaimanga miyezi inayi yathunthu.

Ndikulankhula ndi inu achinyamata amene mwangokhala kumene pampando wa Dungeon Master. Chiyambireni masewerawa mu 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa ku America, nkhondo zake zimayenda pa mfundo imodzi. Munthu aliyense wa m'nkhani ali ndi nambala ya moyo wake, ma hit points, ndipo lupanga, muvi kapena moto zimangonyenya nambalayo pang'onopang'ono. Msilikali wokhwima amalasidwa kasanu koma ali chiimire. Chingwe cha pakhosi, chimene mabuku amachitcha garrote, sichiona nambala imeneyi. Chimalimbana ndi mpweya, ndipo mpweya uli ndi malamulo akeake. Mukatsegula Player's Handbook ya 2014 pa mndandanda wa zida mupezapo mpeni, nkhwangwa, mkwapulo, ngakhale ukonde, koma chingwechi palibe. Choncho tebulo lililonse limadzipangira lamulo lake lapakhomo, ndipo ambiri timalipanga mothamanga, madayisi ali kale m'manja.

Taonani mmene bukulo limanenera za kubanika. Munthu amatha kugwira mpweya mphindi imodzi kuphatikiza modifier ya Constitution yake. Mpweya ukamuthera, kapena akatsamwa, amapirira maraundi ofanana ndi modifier yomweyo, kenako ma hit points ake amafika pa 0. Tengani munthu wa Constitution 14, amene modifier yake ndi 2. Mukati womangidwa chingweyo ayambe wagwira kaye mpweya, ali ndi mphindi 3. Raundi imodzi ndi masekondi 6, ndiye kuti maraundi 30. Pa matebulo amene ndakhalapo nkhondo zambiri zimatha maraundi asanu asanakwane, choncho chingwecho chilibe ntchito, bola kumenya ndi ndodo. Koma mukati munthuyo watsamwa nthawi yomweyo, watsala ndi maraundi awiri okha, kaya anali ndi ma hit points 8 kaya 200. Vuto lonse lagona pamenepo: njira ina chidacho n'chachabe, njira inayo chimaposa lupanga lililonse m'bukumo.

Ine ndinasankha njira yachiwiri, chifukwa inamveka yoona. Mdani wamkulu wa nkhani yathu anali wansembe wamatsenga amene anatentha mudzi wa mmodzi wa anthu a oseweraŵo. Wosewera Rogue anabisala bwino, anaponya dayisi, anamugwira. Wansembeyo anali ndi modifier ya 1. Raundi imodzi, basi, wagwa. Rogue uja anawomba tebulo ndi chimwemwe. Koma ndinaona mnyamata wa mudzi wotenthedwa uja akubweza dayisi lake m'kathumba osaliponya n'kamodzi komwe. Miyezi inayi anali akukonzekera mawu amene adzamuuze wansembeyo. Sanawanene.

Sabata yotsatira aliyense anagula chingwe. Malupanga anagona m'zimake. Ndipo poti lamulo ndi la onse, ndinapatsanso zingwe achifwamba a m'nkhalango. Usiku wina anazembera wamatsenga wa mtsikana wamng'ono pagulu lathu, ndipo pakutha pa maraundi awiri munthu wake anali atagona pansi, iye atangokhala manja ali pachibwano, kuonerera anzake akusewera. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo lililonse la chida choterechi muzilipima motero musanalivomere: funsani oseweraŵo ngati angalilandire chingwecho chili pakhosi pa munthu wawo. Akazengereza kuyankha, lamulolo silinapse.

Chimene chinandithandiza ndinachipeza mu Monster Manual ya 2014, pa chilombo chotchedwa ettercap, chooneka ngati munthu wosakanizika ndi kangaude. Pamenepo pali lamulo lapadera loti chilombochi chitha kupota chingwe ndi ulusi wake. Olemba bukulo anachimanga chingwecho mbali zingapo. Chimagwira ntchito pokhapokha ettercap ili ndi advantage pa munthuyo, chimagwira a msinkhu wa Medium kapena Small okha, chimapweteka pang'ono chabe, 1d4 kuphatikiza 2, ndipo wogwidwayo ali ndi mpata wodzipulumutsa pa DC 12. Apo ndi pamene ndinaphunzira kuti chida ichi chiyenera kukhala ndi mtengo, komanso kuti wogwidwayo asalandidwe nthawi yake yosewera.

Lamulo limene ndimagwiritsa ntchito tsopano ndi lotere. Chingwe chimalowa pokhapokha mdani sakukuona kapena uli ndi advantage mwa njira ina. Manja ako onse awiri atanganidwa, ndiye chishango pansi, mpeni m'chimake, ndipo anzake a wogwidwayo akabwera ulibe chodzitetezera. Sneak Attack sindiilola pamenepa, chifukwa ukaphatikiza madayisi a Rogue ndi kubanika wabwerera komwe kuja. Raundi iliyonse wogwidwayo amataya 1d4 kuphatikiza modifier ya Strength ya womugwirayo, ndipo nthawi yake ikafika amasankha yekha: kuyesa kuzula khosi lake ndi Athletics kapena Acrobatics monga mwa lamulo la grapple, kapena kubaya chakumbuyo ndi kampeni. Pakutha pa nthawi yakeyo amaponya saving throw ya Constitution, kuyambira pa DC 10 n'kumakwera ndi 2 raundi iliyonse. Akalephera katatu amakomoka. Sanafe, wangokomoka. Kupha kumakhala chisankho china chimene wosewera amachinena ndi pakamwa pake, ndipo mudzadabwa kuti ambiri akafika apo amasankha kumanga munthuyo n'kumufunsa mafunso.

Phindu lenileni la chingwe, limene ambiri saliona, ndi kutseka mawu. Wogwidwa pakhosi sangakuwe, choncho mlonda wa pachipata sadzutsa linga lonse. Wamatsenga sangatchule mawu a matsenga ake, ndipo matsenga ochuluka m'bukumo amafuna mawu. Zimenezi zokha n'zokwanira kuti Rogue anyadire chida chake. Simufunikira kuwonjezerapo imfa yachangu. Wansembe wanga uja akanagwidwa ndi lamulo limeneli, akanakhala chete maraundi awiri kapena atatu, akuphiriphitha, asilikali ake akuthamangira kudzadula chingwe, ndipo mnyamata uja akanapeza mpata wofika pamaso pake.

Zina n'zachidule. Mafupa oyenda, mizimu ndi zifanizo zamwala zimene sizipuma, chingwe sichizikhudza. Chiwanda chachitali ngati mtengo simungachifike pakhosi. Wovala zachitsulo thupi lonse ndimamupatsa mwayi, womuzemberayo amataya advantage yake. Amene mukusewera ndi mabuku a 2024 muli ndi poyambira pabwinopo, chifukwa mmenemo wobanika amalandira mlingo umodzi wa Exhaustion pakutha pa nthawi yake iliyonse, ndipo imfa imadza pa mlingo wa 6. Koma samalani, mlingo uliwonse umachotsa 2 pa dayisi la mbali 20, ndiye kuti akachedwa kupulumuka, mpata wake umanka nuchepa msanga. Yesani nokha ndi madayisi kunyumba, kakhumi kapena kuposa, muone kuti wogwidwa amapulumuka kangati, musanabwere nalo kwa anzanu.

Lamulo mukaligwirizana, lilembeni papepala masewera asanayambe, aliyense aliwerenge. Lamulo lobadwa pakati pa nkhondo limakondera amene wafuula kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Lupanga la m'nkhani lili kutali ndi moyo wa anthu ambiri, palibe pakati pathu amene anamenyanapo ndi chinjoka. Kugwidwa pakhosi kuli pafupi. Kumachitika m'nyumba zenizeni, ndipo simudziŵa amene wakhala nanu patebulo anaona zotani kwawo. Usiku wina ndinafotokoza mwatsatanetsatane mmene mlonda ankathera mpweya, ndikuganiza kuti ndikukometsa nkhani. Mmodzi wa osewera anadzuka, nati akukamwa madzi, ndipo anakhala panja nthawi yaitali. Atabwerako sanasekenso mpaka tinamaliza. Sindinamufunse chifukwa chake, ndipo sichinali changa kufunsa. Ndinangomupepesa tili awiri, iye n'kugwedeza mutu.

Kuchokera tsiku limenelo ndimafunsa pa msonkhano woyamba, nkhani isanayambe, ngati pali wina amene sakufuna chida chimenechi m'masewera athu, ndipo ndimalola kuti andiyankhe pambali kapena pa foni. Mmodzi yekha akakana, chingwe chimachoka, popanda kufunsa zifukwa. Pakati pa tebulo ndimaikapo X-Card, kakhadi kolembedwa X kamene John Stavropoulos anayambitsa, koti aliyense akakagwira timadumpha chimene chikunenedwacho. Ndipo ngakhale onse atavomera, ndimafotokoza mwachidule: madayisi anene zimene zachitika, ine ndingoti mlonda wakomoka, wagona m'mbali mwa khoma, chipata chili pululu.

Pepala lathu lija lilipobe, lapindika m'makona ndipo lili ndi banga la tiyi. Mtsikana wamng'ono uja ndiye amatsogolera masewera masiku ano, ine ndimasewera ngati msilikali wokalamba. Mwezi wathawu wachifwamba wake wina anandizembera pa mlatho. Ndinalephera saving throw yoyamba, yachiwiri ndinapambana, ndipo pa raundi yachitatu mnzanga anafika ndi nkhwangwa n'kudula chingwecho.