Sefa ya Mpweya ndi Mafuta a Galimoto Yokoka Kalavani

Nyengo yokolola ikapita, alimi a ku Chongwe ndi ku Rufunsa amayamba kufunafuna magalimoto onyamula cimanga, nshawa, tomato ndi ndiwo zamasamba kupita nazo ku msika wa Soweto mu Lusaka. Ena mwa eni magalimoto amene amagwira nchito imeneyi amakhala m'makomboni a kum'mawa kwa mzinda, monga Kalikiliki, Mtendere ndi Kalingalinga, pakuti kumeneko sikuli kutali ndi mseu waukulu wa Great East Road. Vaneti payokha sinyamula zambiri, motero mwini wace amamangako kalavani kumbuyo kuti katundu wa maulendo awiri apite pa ulendo umodzi. Pamenepo mafuta amayamba kutha msanga, ndipo mtengo wa mafutawo sugwera woyendetsa yekha ai, cifukwa iye amauonjeza pa ndalama imene amalipiritsa mlimi pa thumba liri lonse.

Cifukwa cace nkhani ya sefa ya mpweya, imene amakanika amaicha eyakilina, iri nkhani ya mlimi yemwe, ngakhale mlimi amene alibe galimoto. Pali anthu amene amati sefa yatsopano imacepetsa mafuta kwambiri. Palinso ena amene amati sefa imangopanikiza injini, naicotsa akaona phiri. Oyambawo amayembekeza zoposa zimene sefa ingacite, koma aciwiriwo amapha injini yao.

INJINI IMADYA MPWEYA KOPOSA MAFUTA

Mai ali yense amadziwa kuti mbaula imene zibowo zace zatsekeka ndi phulusa siyaka bwino. Makala amangofuka, ndipo madzi a nsima amacedwa kuwira. Injini iri cimodzimodzi. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Popeza mpweya uli wopepuka, lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya pafupifupi 10,000, ndiwo madiramu 50 a malita 200. Mpweya wonsewo uyenera kupyola m'sefa usanalowe m'injini, ndipo pa miseu ya kumunda m'miyezi ya August, September ndi October umabwera wodzala pfumbi.

Palinso cina cimene oyendetsa ambiri saciganizira. Mzinda wa Lusaka uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wa pamalo okwera motere uli wocepa mphamvu ndi gawo limodzi mwa magawo 8 poyerekeza ndi wa ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Injini yopanda turbo imafika ku Lusaka itataya kale mphamvu yace ina, sefa isanade nkomwe.

CIFUKWA CACE KALAVANI IMAULULA SEFA YAKUDA

Munthu wodwala cimfine atakhala pansi pa mtengo samva kubanika kweni kweni, koma akasenza thumba la cimanga nayamba kukwera citunda, pomwepo amadziwa kuti mphuno zace zatsekeka. Vaneti yopanda katundu, poyenda pa mseu wosalala, imagwiritsa nchito kagawo kakang'ono ka mphamvu ya injini, ndipo mpweya wocepa umene ifuna umapyola ngakhale m'sefa yakuda. Mwini wace angayende miyezi yambiri m'tauni osazindikira kanthu. Koma akamanga kalavani ya matumba 20 a makilogalamu 50, ndiyo tani imodzi yathunthu, nayamba kukwera mapiri a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Rufunsa, injini imafuna mpweya wonse umene ingathe kukoka. Pamenepo sefa yotsekeka imakana. Galimoto imafooka, woyendetsa amatsikira ku giya yaing'ono msanga nakhalitsa m'menemo, injini imalira kwambiri koma mtunda sukutha, ndipo madzi a m'injini amayamba kutentha.

Kuti mafuta otayika ndi angati, zimenezo zimatsata mtundu wa injini, ndipo apa mpamene anthu amasokonezeka.

Magalimoto akale a petulo ali ndi kabyuleta, ciwiya cimene cimasakaniza petulo ndi mpweya. Sefa ikatsekeka, injini imakoka mwamphamvu ngati munthu woyamwa madzi ndi bango lophwanyika, ndipo kukokako kumatulutsa petulo wambiri m'kabyuleta pamene mpweya uli wocepa. Petulo woonjezayo sapsa yense. Magalimoto a petulo a masiku ano alibe kabyuleta. Ali ndi kompyuta imene imayesa mpweya wolowa nipereka petulo wolingana nao. Mpweya ukacepa, kompyuta imacepetsanso petulo, motero cimene cimatayika ndi mphamvu.

M'caka ca 2009 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory, m'dziko la America, anayesa zimenezi potseka masefa a magalimoto mwadala. Pa magalimoto atatu a kompyuta anapeza kuti kadyedwe ka mafuta sikanasinthe kweni kweni, koma ndi sefa yoyera magalimotowo anafika pa liwiro msanga, nthawi yace nicepa ndi magawo 6 kufikira 11 pa 100. Pa galimoto ya kabyuleta, Pontiac ya caka ca 1972, sefa yoyera inaonjeza mtunda woyenda ndi mafuta omwewo ndi magawo 2 kufikira 6 pa 100, ndipo pamene sefa inatsekeka kotheratu kusiyanako kunafika magawo 14. Magalimoto onsewa sanali kukoka kalavani. Galimoto ya kompyuta ikalemedwa pa phiri, mphamvu yotayikayo ndiyo imaikakamiza kukwawa m'giya yaing'ono.

Magawo 6 pa 100 aoneka ocepa. Ulendo wa ku Chongwe, kupita ndi kubwera, uli makilomita ngati 90. Ngati vaneti ya kabyuleta yokoka kalavani itha malita 15 pa ulendowo, sefa yakuda ingadye pafupifupi lita imodzi. Pa maulendo 40 a nyengo imodzi ya malonda malitawo apitirira 30.

Koma injini zimene zimakhudza alimi koposa ndi za dizilo zakale, za m'mathirakitala, m'ma Canter ndi m'mavaneti ambiri a kumidzi. Pampu ya injini zotere simawerenga mpweya. Woyendetsa akaponda moto, pampu imathira dizilo monga mwa phazi lace, kaya mpweya ulipo kaya palibe. Dizilo wosowa mpweya amatuluka kumbuyo ngati utsi wakuda bii. Utsi umene umaoneka pa malole pokwera mapiri, umene ana amauyesa cizindikiro ca mphamvu, uli dizilo amene munthu anagula ndi ndalama koma sanakoke katundu. Mlimi amene afuna kubwereka galimoto acita bwino kuyang'ana utsi wace asanapangane mtengo. Komabe utsi wakuda sucokera ku sefa yokha. Ngati sefa iri yatsopano ndipo utsi sukuleka, bvuto lingakhale m'manozo kapena m'pampu, ndipo imeneyo ndi nchito ya makanika.

KUCOTSA SEFA

Ciripo cizolowezi coipa cimene cimaoneka pa miseu ya kumidzi. Galimoto ikalephera phiri, woyendetsa amatsika, nacotsa sefa, naiponya kumbuyo kwa mpando. Galimoto imakweradi, ndipo iye amakhulupira kuti wapeza nzeru. Ena amaboola sefa ndi sikuludiraiva kuti ipume.

Pfumbi la pa mseu liri mcenga wosalala, ndipo mcenga uli wolimba koposa citsulo ca m'kati mwa injini. Ukalowa umasakanizika ndi oilo, nukhala ngati mwala wonolera mpeni pakati pa mapisitoni ndi makoma ace. Malingi amadyeka, injini imayamba kumwa oilo ndi kutulutsa utsi wobiriwira, m'mawa imabvuta kulira, ndipo kuyambira pamenepo imadya mafuta ambiri masiku onse, ngakhale aikemo sefa yatsopano. Mankhwala ace ndi kuphwasula injini yonse, nchito imene mtengo wace ungagule masefa a zaka zambiri. Kawiri kawiri injini yotere imagona m'nyengo yeni yeni ya malonda, tomato ali m'mabokosi pa mseu.

Ngozi yomweyo imabwera ndi sefa yonyenga ya mtengo wochipa, imene pepala lace liri lopyapyala kapena mphira wace sukhala bwino pa cibvundikiro. Masefa ena a nsalu yopaka oilo amagulitsidwa ndi mau akuti amacepetsa mafuta. Amapititsadi mpweya wambiri, koma pamodzi ndi mpweyawo amapititsa pfumbi loposa la sefa ya pepala, ndipo pa galimoto ya kompyuta mafuta sacepa monga ogulitsa anenera. Pa mseu wa pfumbi sefa yotere siyenera.

KASAMALIDWE KACE

Masefa ambiri a masiku ano ali a pepala lopindapinda. Buku la galimoto limanena makilomita osinthira sefa, koma limanenanso kuti pa miseu ya pfumbi isinthidwe msanga; galimoto yopita kumunda iri m'gulu limenelo. Poyesa sefa, munthu aicotse pang'ono pang'ono kuti pfumbi lisagwere m'paipi yopita ku injini, ndipo aunike ndi tochi kucokera m'kati. Kuwala kukaoneka mofanana ponse ponse, sefa ikali yabwino. Kukapanda kuoneka, yatsekeka. Pakaoneka kadontho kowala kwambiri, pepala labooka, ndipo sefayo itayidwe tsiku lomwelo.

Kumenyetsa sefa pa tayala kapena pa mwala, monga acitira anyamata ambiri, kumang'amba pepala m'mapindo ndi kupotoza mphira. Kuitsuka ndi madzi kapena petulo kumaiononga. Ngati sefa yatsopano palibe, ingapemereredwe ndi mpweya wa kompulesa wosalimba, kuyambira mbali yoyera kutulukira mbali yakuda, koma cimeneci ndi cothandiza masiku ocepa cabe. Kabokosi ka sefa kapukutidwe ndi nsalu yonyowa, ndipo paipi ya mphira yocokera ku sefa iyang'anidwe bwino, pakuti mng'alu waung'ono pamenepo umalowetsa pfumbi ngati kuti sefa palibe.

Nkofunikanso kudziwa kuti sefa imene yagwira pfumbi pang'ono imasefa bwino koposa yatsopano, cifukwa pfumbi loyambalo limatseka timabowo tatikulu ta pepala. Motero kutsegula kabokosi m'mawa uli wonse kulibe phindu. Mathirakitala ndi malole ambiri ali ndi kagalasi kamene kamaonetsa cofiira sefa ikatsekeka, ndipo woyendetsa atsate kameneko. Ena ali ndi masefa awiri, yaikulu kunja ndi yaing'ono m'kati. Yam'katiyo siyeretsedwa konse, imangosinthidwa.

Mathirakitala akale, monga Massey Ferguson 135 amene anapangidwa kuyambira 1964 kufikira 1975, ambiri ali ndi sefa ya oilo. Pansi pace pali kambale ka oilo kamene kamagwira pfumbi. Kambaleko kakhuthulidwe, matope acotsedwe, ndipo oilo watsopano athiridwe kufikira pa mzere wolembedwa, osapitirira. Sefa imeneyi ndiyo ifuna kuyang'anidwa tsiku ndi tsiku pa nthawi yolima m'nthaka youma ndi pa nthawi yopuntha cimanga ndi makina, pamene mungu ndi mankhusu zimadzaza mpweya. Alimi amene ali ndi thirakitala imodzi ya gulu asankhe munthu mmodzi woyang'anira nchito imeneyi, pakuti oyendetsa akamasinthana ali yense amaganiza kuti mnzace waicita kale.

Pa mseu wa dothi woyendetsa asatsate galimoto ina pafupi. Kuyenda m'mtambo wa pfumbi la lole kungadetse sefa pa ulendo umodzi.

ZIMENE SEFA SINGATHE KUCITA

Ngakhale sefa ikhale yatsopano, galimoto yokoka kalavani idzadyabe mafuta oposa galimoto yopanda kanthu, ndipo gawo lalikulu la mafutawo limathera pa kulemera kwa katundu ndi pa mphepo. Ku America ndi ku South Africa, kumene anthu amakoka makalavani okhala ngati tinyumba togonamo pa ulendo, oyendetsa amadandaula za cinthu comweci, cifukwa kalavani yaitali imakankha mphepo ngati khoma. Matumba a makala kapena mabokosi a tomato osanjikidwa kupitirira denga la vaneti amacita cimodzimodzi. Mphamvu ya mphepo imakula msanga koposa liwiro: woyendetsa akacoka pa makilomita 80 pa ora nafika pa 100, mphepo yolimbana ndi galimoto imaonjezeka koposa theka. Kucepetsa liwiro kumapulumutsa mafuta ambiri koposa sefa iri yonse, ndiponso kalavani siyepayepa pa mseu. Katundu asanjidwe motsika, tenti imangidwe zolimba kuti isakupize, ndipo matayala a kalavani, amene amaiwalika kawiri kawiri, apopedwe bwino.

Mwini galimoto amene afuna kudziwa zoona za galimoto yace asunge kabuku. Adzaze thanki kufikira pakamwa, alembe makilomita a pa wochi ya galimoto, ndipo pobwera ku ulendo adzazenso nalembe malita amene alowa. Acite motero maulendo atatu kapena anai pa mseu womwewo ndi katundu wofanana, sefa isanasinthidwe ndiponso itasinthidwa. Ngati malita sanatsike ndipo utsi wakuda ukalipo, apite nayo galimoto kwa makanika nyengo yonyamula cimanga isanayambe.